Jekete la Malemu ndi Mwana Wodyetsa Makoswe

Lachitatu lapitali ndinakafika kwa alongo anga ku Chinyunyu n'kupeza jekete lili pamlandu.

Analipachika pamtengo wa mango, kutali ndi khomo, manja ali lendee. Ndisanakhale n'komwe pampando, mlamu wanga anandikokera pambali n'kundinong'oneza: "Musaligwire, mulamu. Ndiye lamene lifuna kutiphera atate ake Enelesi."

Jekete limenelo ndimalidziwa bwino. Linali la amalume athu, ba Sitefano, amene tinawaika m'manda mwezi watha cha ku Mpanshya. Inu a kuno mukudziwa mmene timachitira maliro akatha. Mphasa imayalidwa pabwalo, katundu wa malemu amaunjikidwa pakati, wamkulu wa pabanja n'kuyamba kugawa. Aliyense amazolika ngati sakufuna kanthu, pomwe diso lili pa wailesi. Tsiku limenelo ankagawa ndi amayi athu aang'ono, ba Esnati, mlongo wa malemuwo. Ine anandipatsa ambulera yothyoka nthiti, ndinathokoza, n'kuthamangira minibasi kugawa kusanathe. Alongo anga, ba Yotamu, monga mwana wamkulu wa mlongo wina wa malemuwo, analandira jekete, lamba ndi magalasi.

Magalasiwo amavala ndithu, ngakhale kuti akawavala amapatsa moni chitsa. Koma chimene anachikonda ndi mtima wonse ndi jekete. Ku tchalitchi, jekete. Ku chigayo, jekete. Kokagula fetereza, dzuwa likuswa mtengo, jekete.

Kenaka anayamba kugwa.

Akangodzuka pampando, dziko limazungulira. Anagwa panjinga pafupi ndi msika, tomato wa eni ake n'kumwazika mumsewu. Mapazi anatupa mpaka nsapato zinakana. Munthu amene ankakwera mtunda ndi njinga itasenza matumba a chimanga, tsopano ankagwira khoma popita kuchimbudzi.

Pamudzi sipanachedwe kutuluka chigamulo: amalume sanakondwe kuti jekete lapita kwa Yotamu. Mlamu analichapa ndi madzi a pakasupe wotentha wa ku Chinyunyu konko. Mlaliki wina wa m'mbali mwa msewu, yemwenso amagulitsa makala, analipempherera mpaka mawu anasasa. Kugwa sikunasiye. Ndiye analitulutsa m'nyumba, n'kugwirizana kuti Loweruka litenthedwe.

"Chamene chiniyofya maningi," anatero mlamu wanga, "m'mawa uliwonse ayenda kulipisa dzanja. Liwaitana, mulamu. Liwaitana!"

Ulendowu sindinali ndekha. Ndinali ndi Enelesi, mwana wawo woyamba, yemwe ali ku yunivesite ku Lusaka ndipo watsala ndi chaka chimodzi. Maliro anamudutsa chifukwa cha mayeso, choncho anabwera kudzaona manda a agogo akewo. Maphunziro ake ali ndi dzina lothyola lilime, famakoloje. Pamudzi palibe amene amavutika nalo dzinalo. Amangoti "aphunzira za mankhwala", ndipo zotsalazo aliyense amamalizitsa yekha m'mutu mwake.

Alongo anga anamalizitsa ndi njerwa.

Titapumula, anatitsogolera pang'onopang'ono mpaka kumsewu waukulu, akupumira panjira ngati nkhalamba. Kumeneko anatilozera kanyumba katsopano. Si kantemba, kagolosale ka timatabwa kaja, ayi. Njerwa zootcha, malata atsopano, windo la zitsulo, ndipo pamwamba pa chitseko mtanda wobiriwira ndi dzina loti Enelesi, zilembo zake zikupendekera ngati nazonso zili ndi chizungulire. Njerwazo anaumba okha, chinsinsi n'kusunga okha. Anaima pamenepo, dzanja limodzi likugwira khoma, chifuwa chili patsogolo.

"Ni yako iyi, mwana wanga. Ukatsiriza chabe, ubwera kunkala apa, ugulitsa mankhwala. Madalaiva a mathiraki, anthu a m'midzi, onse azagula kuli iwe."

Enelesi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana malata.

"Atate, shopu ni yabwino maningi," anatero mwanayo. "Koma siningagulitse mankhwala. Pepala yamene nizatenga siivomereza."

"Ati bwanji?"

"Wamene apatsa anthu mankhwala mu shopu olo ku chipatala ni wamene anaphunzira famase. Ni kosi ina iyo. Ise tiphunzira mwamene mankhwala asebenzera m'thupi. Akangena ayenda kuti, achita chani, achoka bwanji. Na mlingo wamene ungathandize munthu, na wamene ungamupaye."

Ba Yotamu sanagonje. "Chabwino. Jekeseni ulasa?"

"Anthu iyayi, Atate."

"Nanga ulasa ndani?"

Apa mwana wanzeru akanatsokomola n'kusintha nkhani. Koma Enelesi anatengera amayi ake, zinthu amangozinena mmene zilili.

"Makoswe."

Abale anga! Ngakhale thiraki imene inkadutsa inamveka ngati yachepetsa phokoso kuti imve nawo.

Muyenera kudziwa kuti alongo anga ndi makoswe ndi adani akalekale. Anawatchera misampha, anawawetera amphaka, anamata nkhokwe kangapo, makoswe osatheka. Ndiye mwana wawo, chiyembekezo cha banja lonse, anali kufotokoza mwaulemu kuti kusukulu kwawo kuli makoswe oyera a maso ofiira, okhala m'timakola taukhondo, oyezedwa pasikelo, odya panthawi yake, ndipo akadwala anthu amada nkhawa.

"Ine zaka zonse izi nimenyana na makoswe mu nkhokwe, manje mwana wanga ali ku Lusaka awapikira?"

Enelesi anayesa kudzipulumutsa ndi sayansi. Anati mankhwala atsopano sangayambire pa munthu. Anawonjeza kuti mankhwala ena ophera makoswe ali pachibale ndi amene madokotala amapatsa odwala kuti magazi asaundane m'mitsempha, ndipo chachikulu chimene chimasiyanitsa kupha ndi kuchiza ndi mlingo.

"Mwamva, ba anti ake?" anatembenukira kwa ine. "Manje afuna kutimwetsa poizoni ya makoswe."

Kenaka nkhope inasintha, nthabwala n'kutha. Enelesi amayenera kubwerera ku Lusaka Lamlungu. "Sondo sukwera basi. Uzankala pano mpaka tikupezere kosi ya zoona, ya unesi olo ya uticha. Ya makoswe yasila."

Alongo anga ndimawadziwa. Akanena anena. Mtima unandiwawa kawiri: chifukwa cha mtsikana amene wakhala akuwerenga usana ndi usiku kuti afike pamene wafikapa, komanso chifukwa cha bambo amene anaumba njerwa ndi manja ake akulota mwana wake ali pafupi.

Musawaseke kwambiri alongo anga, owerenga anzanga. Kodi inu mukanatani?

Ife kuno ntchito timaidziwira ku yunifolomu. Nesi tamuona, wavala zoyera. Wapolisi tamuona, watiimitsa pamsewu. Mphunzitsi tamuona, choko chili m'manja. Dalaiva, wa zaulimi, wansembe, onsewa tikhoza kuwaloza ndi chala. Ntchito yomwe sitingailoze ndi chala timaiyesa ulova wovala bwino.

Ndipo tinene zoona, mwana wophunzira timamufuna pafupi kuti azitigwirira ntchito ife. Akaphunzira zamalamulo, aweruze malire a munda wathu. Akaphunzira zamagetsi, akonze wailesi ya malemu ija. Akaphunzira za mankhwala, ndiye basi, asanavule n'komwe nsapato tamuvulira kale malaya kumuonetsa chotupa. Mu minibasi momwe, mayi wina atangomva zimene Enelesi amaphunzira, anatulutsa kapisozi wofiira ndi wachikasu pamfundo ya chitenje n'kufunsa ngati angathandize nkhuku za chitopa. Enelesi atakana, mayiyo anandiyang'ana mwachisoni, ngati akundipepesa kuti banja lathu lataya mwana.

Nanga munayamba mwadzifunsa kuti amene ananena kuti pilitsi ili timwe titadya, ilo tisamwe ndi mowa, mwana apatsidwe theka, mayi woyembekezera asaligwire n'komwe, ndani? Kodi mukuganiza kuti zinangolotedwa? Alipo anthu amene anakhala pansi n'kuzifufuza, ndipo sitinawaonepo nkhope. Sakhala pawindo la shopu. Koma aliyense amene anamwapo pilitsi n'kudzuka ali moyo anadutsa m'manja mwawo.

Zimenezi ndinayesa kuwauza alongo anga madzulo amenewo. Anandiyankha kuti ine ndimalemba m'nyuzipepala, choncho kulankhula zopanda mutu ndi ntchito yanga.

M'mawa mwake Enelesi anadzuka maso atatupa, n'kutenga tsache kuyamba kusesa pabwalo. Ine ndinali pakhonde. Tonse tinaona ba Yotamu akutuluka mwakachetechete, kapu ya madzi ili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wopita kukaba nkhuku yake yomwe. Anafika pamtengo wa mango, anapisa dzanja m'thumba lam'kati la jekete, anatulutsa kanthu, n'kuponya m'kamwa.

Tsache linagwa.

"Atate, mwamwa chani?"

"Vinthu va akuluakulu. Sesa."

"Atate, niona. Nipatseni nione."

Anakana, anakalipa, koma chizungulire chinawagwira pomwepo, n'kukhala pansi pamizu ya mango. Enelesi anapisa yekha dzanja m'jekete, mlamu wanga akukuwa kukhitchini kuti asaligwire. Anatulutsa timapaketi tonyezimira ta mapilitsi ofiirira.

Ndi pamene ndinamva zimene zinachitika pamphasa paja ine nditathamangira minibasi. Katundu yense atatha, panatsala kapulasitiki kodzaza mankhwala a malemu. Ba Esnati anakakweza m'mwamba n'kunena kuti awa ndi mankhwala abwino, ogulidwa ku Lusaka, sangatayidwe. Ndiye anawagawa monga anagawira nsapato. Popeza ba Yotamu nawonso ali ndi bipi, matenda aja a kuthamanga kwa magazi, a bipi anagwera iwo. Anawabisa m'jekete chifukwa akazi awo amalankhulalankhula.

"Nanga aja amene anakupatsani ku kiliniki, munaleka?" anafunsa Enelesi.

"Ningaleke bwanji? Nimwa onse. Aja ni a boma, oyera, ang'onoang'ono. Aya ni a ku Lusaka, ona mwamene akulira. Aya ndiye amphamvu."

"Koma Atate, aya anali a ambuya Sitefano."

"Ndiye chifukwa chake! Amalume anafika zaka zingati na mapilitsi aya? Anakalamba mpaka mano onse anasila."

"Koma anamwalira."

"Anamwalira ndaba sanatsirize. Siuona anasiya ambiri?"

Ine ndinaluma chitenje kuti ndisaseke, chifukwa nkhope ya Enelesi sinali ya munthu amene akumva nthabwala. Anapempha amayi ake kuti abweretse mapilitsi a ku kiliniki. Anatembenuza timapaketi tonse tiwiri, n'kuloza tizilembo tating'ono ta kumbuyo.

"Werengani apa, Atate. Manje werengani apa."

Ba Yotamu anavala magalasi a malemu, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti akuona nyerere. Ndinawerenga ndine. Dzina lalikulu la kutsogolo linali losiyana, koma dzina laling'ono la mankhwala enieniwo linali limodzi, chilembo ndi chilembo.

"Ni mankhwala amodzi," anatero Enelesi. "Mafakitale ndiye osiyana, ndiye chifukwa mtundu wasiyana. Ndipo a ambuya mlingo wake ni waukulu kupambana wanu. Mwakhala mukumwa mankhwala amodzi kawiri tsiku lililonse. Bipi yanu siinakwere, Atate, yatsika maningi. Mukaimirira, magazi achedwa kufika ku mutu. Ndiye chizungulire chija. Na mapazi kutupa, mankhwala aya achita choncho akachuluka."

Mlamu wanga anayang'ana jekete, anayang'ana amuna awo, anayang'ananso jekete.

"Kansi nachapa jekete yosalakwa?"

Chimene ndinamukondera mwanayo ndi ichi: sanadzisandutse dokotala. Alongo anga, mantha atawagwira, ankafuna kutaya mapilitsi onse m'chimbudzi, a malemu ndi a boma omwe. Iye anakana. Anati kusiya mankhwala a bipi mwadzidzidzi n'koopsanso, ndipo woyenera kugamula ndi wa kuchipatala amene amawaona. Tinawakweza minibasi, timapaketi tonse tili m'chikwama.

Ku kiliniki anawayeza n'kupeza magazi akuyenda mofooka zedi. Anawauza kuti a malemu asawagwirenso, anawalangiza kamwedwe ka awo, anawauza tsiku lobwereranso, n'kuwaletsa kukwera njinga mpaka mutu utakhazikika. Wachipatalayo ananena mosapsatira kuti tsiku lina akanagwera kutsogolo kwa thiraki. Pobwerera ine ndinkangoyang'ana mathiraki akutidutsa. Ndinachita mantha, abale anga, mantha enieni.

Koma Enelesi anali asanamalize. "M'pulasitiki muja munali chani china? Vinayenda kuli ndani?"

Lachisanu tinalowera ku Mpanshya. Kuno tinazolowera kumva za achibale olanda katundu wa malemu, ndipo timawanyoza. Enelesi ndi woyamba m'banja mwathu kuyenda khomo ndi khomo kulanda katundu wa malemu, ena n'kumuthokoza. Kwa msuweni wina tinapeza mankhwala odontheza m'maso, atayamba kale kudonthezedwa m'maso mwa ng'ombe. Kwa wina tinapeza botolo la chifuwa lomwe linatha mphamvu kalekale. Mapilitsi a shuga anali ndi ba Esnati eni ake, omwe alibe shuga.

"Nanga munatengera chani, ambuya?"

"Nisungira alendo. Mlendo angabwere ali na shuga, nimupatse chani?"

Enelesi anawafotokozera kuti pilitsi la shuga likhoza kugwetsa munthu wopanda shuga mpaka kukomoka. Ba Esnati anapereka, koma mokakamizika, akudandaula kuti ana a masiku ano alibe ulemu ndi zinthu za akufa. Zonse tinakazisiya kuchipatala kuti akaziwononge mwa njira yake.

Ba Esnati sindikuwaimba mlandu. Anakulira nthawi imene pilitsi linali chinthu chosowa, chipatala chili kutali, ndipo kutaya mankhwala kunali ngati kutaya chimanga. Ndi mtima womwewo umene umatichititsa kusunga makapisozi otsala m'chitini cha tiyi, kubwereka mapilitsi kwa a neba ngati mchere, ndi kudziwa mankhwala ndi mtundu wake: ofiira ndi a chifuwa, oyera ndi a mutu, aakulu ndi amphamvu. Mtimawo ndi wabwino. Koma jekete likakula mumapinda manja. Pilitsi likakula mupinda chiyani?

Pobwerera mu minibasi ndinamufunsa Enelesi funso limene bambo ake anayenera kufunsa asanaumbe njerwa: ukamaliza, ntchito yake ndi yotani?

Anawerenga pazala. Ena amalowa m'malabu, zipinda zofufuzira zija, n'kumayesa ngati mankhwala a malungo akugwirabe ntchito kapena tizilombo tawazolowera. Ena amagwira ku mabungwe a boma oyang'anira mankhwala olowa m'dziko, kuti tisamwetsedwe choko chopakidwa utoto. Ena ali m'mafakitale, kuonetsetsa kuti pilitsi lililonse lili ndi mlingo wolembedwa pa paketi. Ena amatsata madandaulo a odwala amene mankhwala awayambitsira zina, kuti ngozi idziwike msanga. Alipo othandiza apolisi kupima ngati munthu anafa ndi poizoni, alipo a mankhwala a ziweto, alipo ophunzitsa anesi ndi madokotala za mankhwala omwewo.

"Nanga iwe mtima uli kuti?"

Maso ake anawala. Akufuna kufufuza mizu ndi makungwa. Anati anakula akuona anthu akumwa zitsamba m'mawa, masana n'kumwa mapilitsi a kuchipatala, popanda wodziwa ngati ziwirizo zimagwirizana m'mimba kapena zimamenyana. Zitsamba zina zimathandizadi, zina zimawononga chiwindi mwakachetechete, ndipo mlingo wake ndi "kapu imodzi", pomwe makapu a pamudzi sanafananepo. Akufuna kuti tsiku lina munthu wa kuno adzauzidwe zoona zake za mtengo umene uli kuseri kwa nyumba yake.

Sanandinamize kuti njira yake ndi yosalala. Anati ntchito zotere sizingodikira munthu pakhomo, zambiri zili m'tauni, ndipo nthawi zambiri pamafunika kuwonjezera maphunziro digiri yoyamba ikatha. Ndiye makolo ndi ana a sukulu amene mukuwerenga, tamverani. Mwana akakonda sayansi ya zamoyo ndi ya kasakanizidwe ka zinthu, mulimbikitseni, njira ilipo. Koma musanasankhe kosi, funsani bwinobwino: pepala limeneli limalola munthu kuchita chiyani, ndipo silimulola chiyani? Mukafuna mwana wa pawindo la mankhwala, imeneyo ndi famase. Mukamva famakoloje, dziwani kuti mwanayo adzakhala kuseri kwa khoma, kumene kumachokera malangizo amene wa pawindoyo amakuuzani. Funsani musanagule malata.

Loweruka linafika, tsiku lotentha jekete. Mlaliki uja anabwera ndi machesi ake. Mlamu wanga anamuuza kuti mlandu watha, wolakwa wapezeka m'thumba. Anabwerera akuoneka wokhumudwa pang'ono.

Koma za basi ya Lamlungu panalibe amene anazitchula. Ba Yotamu anakhala tsiku lonse akusema mpini umene sunkafunika kusemedwa. Enelesi sanapemphe, sanalire, sanakumbutse bambo ake kuti wawapulumutsa. Analongedza chikwama chake, kenaka anachimasulanso, n'kuika zovala pamalo pake. Ine ndinachita kuluma lilime, chifukwa alongo anga ukawakankha amakhala mwala.

Lamlungu titabwerako ku tchalitchi, tinapeza njinga itaimikidwa pakhomo. Pakaliyala panali thumba la mbatata ndi nkhuku yomangidwa miyendo.

"Nanga chola chako chili kuti?" anafunsa ba Yotamu, osamuyang'ana mwanayo. "Ufuna basi ikusiye?"

Enelesi anathamangira m'nyumba ngati kamwana. Amayi ake anatembenukira kukhoma n'kumapukuta maso ndi chitenje.

Tinapita kumsewu, alongo anga akukankha njinga monga anawalamulira a kuchipatala, jekete lili pathupi, thukuta lili kamukamu. Tinaima pafupi ndi shopu ija ya mtanda wobiriwira. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Nizaikamo milisi," anatero, kutanthauza chimanga chawo cha chaka chino. Kenaka anakanda kumutu. "Makoswe azabwera, niziba. Ukafuna ena ku sukulu kwanu, unitumire foni. Anga ni akuda, koma ni olimba."

Basi itaima, kondakitala anatsika kudzanyamula katundu. Anaona mabuku m'chikwama n'kufunsa, "Ba sista ni ba nesi?"

Ndinayang'ana alongo anga.

"Iyayi," anayankha ba Yotamu, mokweza kuti basi yonse imve. "Uyu ni wamene aziba chifukwa chake nesi akuuza kuti umwe limodzi, osati awiri. Munyamulire bwino chola."

Enelesi anagwada pafumbi pomwepo n'kugwira dzanja la bambo ake ndi manja awiri. Iwo anayang'ana kumbali, ati fumbi la thiraki lawalowa m'maso. Panalibe thiraki.

Basi itapita, anapisa dzanja m'thumba lam'kati mwachizolowezi, n'kutulutsa lopanda kanthu. Anaseka okha.

Jekete lija lilipo, silinatenthedwe, ndipo likuwakhala bwino. Koma mwezi uno kwinakwake m'boma lathu lino mphasa ina iyalidwanso, katundu aunjikidwa pakati, ndipo pomalizira wina akweza kapulasitiki m'mwamba n'kunena kuti awa sangatayidwe. Si banja lililonse lili ndi mwana wodyetsa makoswe woti adzagwetse tsache m'mawa. Kapulasitiki kameneko kakadzafika pa inu, kodi mudzatambasula dzanja?